KU KABWE NYUNDO IGONA PATI?

Munthu wocokera ku Lusaka pa mseu waukulu wopita kumpoto, atapyola minda ya ku Chisamba ndi misika ya m'mbali mwa mseu ya m'boma la Chibombo, afika mu Kabwe atayenda makilomita ngati 140. Cimene cimlonjera poyamba ndi phokoso. Asanaone sitesheni ya sitima kapena maofesi a Cigawo ca Pakati, makutu ace amva kale kulira kwa nyundo pa citsulo, kukwecha kwa sowo pa thabwa, ndi kuthetheka kwa moto wa makina owocherera. Phokoso limeneli licokera m'misasa ya malata ya m'mphepete mwa misika ndi m'makomboni, m'mene akalipentala, osula mbaula ndi owocherera zitseko za zitsulo agwirira nchito pansi pa denga limodzi.

Msasa wotere ndi wa anthu ambiri, koma khomo lace ndi limodzi, ndipo kawirikawiri waya wa magetsi ndi mmodzi. Masana ali yense ali ndi nchito yace, makasitomala ace ndi thumba lace. Dzuwa likapendeka pabuka funso limene likanganitsa amisiri monga momwe ndalama ziwakanganitsira: kodi nyundo igona pati, thabwa la uje liima pati, ndipo makiyi apita nao ndani? Wakunja angaone ngati kankhani kacabe. Koma wodziwa mbiri ya tauniyi adziwa kuti ku Kabwe funso la pamene cinthu ciikidwa, ndi la amene adzacicotsapo, lakhala likudya anthu kwa zaka zambiri.

TAUNI YOLEREDWA NDI BELU

Malo amenewa, amene ali m'dziko la Alenje, anali kuchedwa Kabwe ka Mukuba, dzina lokumbutsa mwala wa m'nthaka umene akale anali kuusungunula. M'caka ca 1902 mzungu wofufuza miyala, T. G. Davey, anapeza mtovu ndi zinki pa timapiri ta pamalopo, ndipo anapacha Broken Hill potengera mgodi wina wa ku Australia. Njanji yocokera kumwera inafika mu 1906, ndipo mu 1925 madzi a mtsinje wa Mulungushi anayamba kupanga magetsi oyendetsa makina a mgodi. Anthu anadza kudzafuna nchito kucokera kum'mawa, kumpoto ndi ku maiko oyandikana, ndico cifukwa cace Cibemba, Cilenje ndi Cinyanja zimveka pamodzi pa msika kufikira lero. Dzina la Kabwe linabwezedwa dziko litalandira ufulu.

Kampani ya Rhodesia Railways itagawidwa mu 1967, likulu la Zambia Railways linakhazikitsidwa ku Kabwe. Popeza malo akulu okonzerako sitima anatsalira ku Bulawayo, kunafunika kumanga ena m'tauniyi, ndipo momwemo anyamata ambiri a m'dziko muno anaphunzira kusula, kuwocherera, kupala zitsulo ndi kukonza injini. Motero Kabwe inaleredwa ndi makolo awiri, mgodi ndi njanji, ndipo onse awiri anali aukali pa mwambo.

M'nyumba zogwiriramo nchito za makampani akulu otere, cida ciri conse cinali ndi pogona pace. Wanchito akafuna sipanala kapena cizulo anali kupita pa zenera la sitolo, nalembetsa dzina m'buku kapena kusiya kacitsulo kokhala ndi nambala yace, ndipo cidaco cikapanda kubwerera iye ndiye anali kuyankha mlandu. Belu linali kunena nthawi yolowa, yopuma ndi yoweruka. Kapitao anali kuyendera mabenchi, ndipo pa cipata panali mlonda woyang'ana m'zikwama. Sunali mwambo wokoma monse, pakuti m'masiku a atsamunda unayenda pamodzi ndi tsankho: munthu wakuda anali kunyamula bokosi la zida za mzungu zaka zambiri osaloledwa kulembedwa monga wophunzira umisiri. Komabe panali cinthu cimodzi cosakayikitsa. Zida zinali ndi mwini wace, lamulo linali ndi mwini wace, ndipo wolakwa anadziwa amene adzamlanga.

BELU LITALEKA KULIRA

Mgodi unatsekedwa mu 1994, utakumbidwa zaka pafupifupi 90. Njanji nayonso inacepetsa anchito ace, ndipo mu 2003 inaperekedwa m'manja mwa kampani ya Railway Systems of Zambia kufikira pamene Boma linailandanso mu 2012. Fakitale ya nsalu ya Mulungushi, imene inamangidwa ndi thandizo la dziko la China, inaima mu 2007 ndi kukhala yotseka zaka zambiri. Ena anayamba kunena kuti Kabwe yafa.

Koma luso silitsekeredwa mkati pamene cipata ca kampani citsekedwa. Amisiri ocotsedwa nchito anagula zida ndi ndalama zao zopumira, nayamba kufuna malo. Popeza munthu mmodzi sakanatha kulipira yekha malo, malata, mlonda ndi magetsi, anasonkhana atatu, asanu kapena khumi pa msasa umodzi. Pambuyo pace anadza anyamata otsiriza maphunziro pa sukulu ya umisiri ya m'tauniyi, imene tsopano ichedwa Kabwe Institute of Technology, ndi ena ophunzira pa manja a amalume ao.

Mutu umodzi susenza denga, ndi zoona; koma akale omwewo ananenanso kuti matako saleka kuperesana. Pansi pa denga losenzedwa ndi mitu yambiri palibe kapitao wa kampani, palibe belu, palibe wogwira malipiro a mnzace. Ali yense ndi bwana wa benchi lace. Lamulo liyenera kucokera kwa iwo eni, ndipo apa ndi pamene pagona nkhani.

MILANDU YA MUMSASA

Mlandu woyamba ndi wa malo. Kalipentala akapeza ndalama agula matabwa ambiri nthawi imodzi, a paini ocokera ku minda ya mitengo ya ku Copperbelt kapena a mukwa ocokera kuthengo. Thabwa laliwisi silipangidwa mpando. Liyenera kusanjikidwa mogoneka, ndi timitengo pakati kuti mphepo ipite, kwa masabata angapo. Likafulumiziridwa, citseko cidzapindika ciri kale m'nyumba ya mwini wace. Wowocherera naye ali ndi mapaipi ndi zitsulo zotalika mamita 6 zimene sizingapindidwe kuti zilowe pa ngodya. Wosula mbaula ali ndi mulu wa migolo yakale ndi zidutswa za malata, zimene kwa anzace ndi zinyalala koma kwa iye ndi ufa wa ana. Amisiri alemba malire pansi ndi penti kapena ndi khala, koma malire a mumsasa ali ngati a kudimba: asuntha pang'onopang'ono, ndipo palibe abvomera kuti ndiye anawasuntha.

Waciwiri ndi wa katundu wosatengedwa. Munthu abwera, alipira theka la mtengo wa bedi kapena felemu ya citseko, nalonjeza kudzatenga pakutha pa mwezi. Ngati ali mlimi, mwezi umenewo ukhoza kukhala wa pambuyo pogulitsa cimanga. Ngati m'nyumba mwace mwagwa matenda kapena maliro, angapite osaonekanso. Bedi liima pakati pa msasa miyezi itatu, anthu napunthwapo m'mawa ndi madzulo. Anzace a mmisiriyo ati msasa si nkhokwe, aligulitse kapena apite nalo kunyumba. Iye ayankha kuti kugulitsa cinthu colipiridwa kale ndiko kudziitanira apolisi, ndipo m'nyumba ya zipinda ziwiri mulibe poliika. Onse anena zoona, ndipo mlandu wa anthu awiri onena zoona ndiwo ubvuta kuweruza.

Wacitatu ndi wa kubwerekana. Palibe mmisiri ali ndi zida zonse, kotero kubwereka sikungaletsedwe. Koma cizulo cipita cakuthwa ndi kubwera cobuntha. Tepi yopimira ipita pa benchi lina ndi kukhala komweko mpaka wobwerekayo aiwala kuti si yace. Mwala wa gilainda ubwera utatha theka. Eni zida azipaka penti wofiira kapena kudindapo zilembo za maina ao, koma penti afufutika. Mwini cida acifuna pa nthawi imene kasitomala ali ciimire pakhomo, ndipo pamene iye ali kuzungulira mabenchi kucifunafuna, kasitomalayo waoloka mseu kupita kwa wina.

Ndipo pali nkhani ya makiyi. Wosunga makiyi akacedwa, anthu khumi ataya m'mawa wonse ali panja. Akapita ku maliro kumudzi osasiya makiyiwo, loko athyoledwa ndipo pabuka mlandu wa amene adzagula wina. Makiyi akaculuka, tsiku lina makina apezeka atasowa loko ali cikhalire wosathyoledwa. Kuyambira tsiku limenelo amisiri ayamba kukayikirana, ndipo nsima imene anali kudyera pamodzi masana ali yense adyera pa benchi lace.

MAGETSI, MOTO NDI ZITSULO ZOSADZIWIKA KOCOKERA

Mita ya magetsi ikakhala imodzi, mayunitsi agulidwa ndi ndalama zosonkha. Makina owocherera adya magetsi ambiri, ndipo kalipentala wogwira nchito ndi puleni ya manja afunsa cifukwa cace asonkha mofanana ndi mnzace. M'caka ca 2024, cilala citacepetsa madzi a m'nyanja ya Kariba, magetsi anali kuzima maola ambiri pa tsiku m'dziko lonse, ndipo nthawi zambiri anali kubwera usiku. Owocherera anakakamizika kugwira nchito anthu ali m'tulo. Lamulo lakuti msasa utsekedwe dzuwa likalowa likanagoneka ana ao ndi njala. Koma kulisiya kunatanthauza kusiya zida za anthu onse m'manja mwa amene ali maso usiku.

Coopsa koposa ndi moto. Mbali imodzi ya msasa kuli utuci, zopalidwa za matabwa, vanishi, thina, guluu ndi siponji ya mipando. Mbali inayo kuli moto wothetheka kucokera pa zitsulo. Kamoto kogwera mu utuci sikayaka nthawi yomweyo. Kanyeka pansi mwakacetecete, ndi kudzabuka anthu atapita kwao. Amene anaona phulusa la City Market ku Lusaka mu Julai 2017 adziwa kuti cuma ca anthu ambiri cosungidwa pansi pa denga limodzi cikhoza kutha m'mawa umodzi. Mmisiri wa mumsasa alibe kampani yomgulira zida zina. Bokosi lace likapsa, zapsa zaka zace zonse.

Palinso mlandu wa zitsulo. Kabwe ndi tauni ya njanji, ndipo Zambia Railways pamodzi ndi ZESCO akhala akudandaula zaka zambiri za kubedwa kwa zitsulo ndi mawaya ao. Mmisiri mmodzi akagula citsulo cosadziwika kocokera nacibisa kuseri kwa matabwa a mnzace, ofufuza pobwera sayamba ndi kufunsa kuti ngodya iyi ndi ya yani. Nsomba ikaola imodzi zonse zaola. Ici ndi cifukwa cace lamulo loletsa kugoneka katundu wa alendo mumsasa lisungidwa mwamphamvu ngakhale ndi amisiri amene pa zina zonse ali ofewa mtima.

KUWERUZA POPANDA KAPITAO

Pofuna kuthetsa zonsezi amisiri asankha komiti, monga momwe magulu a m'misika acitira: wapampando, mlembi ndi msungicuma. Zilango zidziwika bwino. Poyamba ndi cenjezo, kenaka faindi, kenaka kuimitsa munthu masiku angapo, ndipo potsiriza kumcotsa.

Pa msonkhano mbali ziwiri zionekera msanga. Acikulire amene anakulira pansi pa belu afuna kuti zonse ziyende monga kale: kulowa pa nthawi yace, kusesa asanaweruke, cida ciri conse pa msomali wace, ndipo woledzera abwezedwe pakhomo. Akumbukira masiku a tujilijili, timapaketi ta mowa waukali timene Boma linaletsa mu 2012, pamene mnyamata akanatha kugwira sowo ya magetsi maso ali ofiira. Anyamata ayankha mwaulemu, pochula akuluwo kuti a Mdala kapena ba Kapitao, koma mau ao ndi olimba. Kampani inali kulamula cifukwa inali kulipira pakutha pa mwezi, pamene mumsasa munthu adya cimene wapanga tsikulo. Kasitomala wobwera madzulo sangabwezedwe cifukwa ca nthawi yotsekera, ndipo kuimitsa munthu sabata lathunthu ndiko kulanga mkazi wace ndi ana ace, amene sanasiye thabwa panjira.

Mkangano umenewu wokha supasula msasa, pakuti mbali ziwirizi zikhoza kukumana pakati. Cipasula msasa ndi kukondera. Matabwa a wapampando akatseka njira anthu alambalala ali cete. A mnyamata wobwera caka catha aponyedwa panja pa mvula. Mphwa wa msungicuma akataya sipanala nkhani ithera m'kuseka. Wophunzira wopanda mbale mumsasamo alipira ngakhale cida cimene sanacigwire. Lamulo losalembedwa likumbukika mosiyana malinga ndi amene walakwa. Ndalama za faindi zikapanda kuonetsedwa poyera, olipira ayamba kuganiza kuti chimo lao lasanduka ndiwo za m'nyumba ya munthu wina. Potsiriza wokwiya anyamula bokosi lace nakakhoma kamsasa kace pansi pa mtengo, kumene ayenera kudzipezera yekha mlonda ndi magetsi, ndipo kwa otsala nao cosonkha cikwera. Palibe wapindula.

PHUNZIRO LA MAKOPALETIVU

Dziko lino linaonapo kale zotere. Mu Januwale 1965, pa msonkhano wa ku Chifubu ku Ndola, Mtsogoleri woyamba wa dziko, Dr Kenneth Kaunda, anapempha anthu kuti apange makopaletivu, ndipo magulu ambirimbiri a alimi, omanga nyumba, oumba njerwa ndi oceka matabwa analembetsedwa m'zaka zocepa. Ambiri a iwo sanakhalitse. Pakati pa zifukwa zace panali kusowa kwa mabuku olongosoka ndi kusasamala katundu wa gulu. Thalakitala ya onse inali kufunidwa ndi onse, koma wakuti aithire oilo sanali kupezeka.

Phunziro limeneli lafunikanso. Mu 2022 Boma linakweza thumba la citukuko ca m'zigawo za aphungu, lochedwa CDF, kucoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa cigawo ciri conse, kuphatikizapo Kabwe Central ndi Bwacha, ndipo gawo lina la ndalamazo linaikidwa kuti lithandize magulu a acinyamata ndi amai ndi kulipirira maphunziro a umisiri. Gulu likagula makina opalira matabwa ndi ndalama zotere, makinawo sakhala ndi munthu mmodzi amene angawalirire akafa. Lamulo la misika la 2007 linaika kayendetsedwe ka misika m'manja mwa makhonsolo ndi mabodi ace, koma khonsolo singalowe mumsasa madzulo ali onse kudzanena pamene puleni igona.

Njira zosungira msasa siziri zacinsinsi. Malamulo akhale ocepa, olembedwa ndi kukhomedwa pa citseko, ndipo agwirizanidwe mlandu usanabuke, pakuti lamulo lopangidwa pa tsiku la mlandu lioneka ngati msampha wocheredwa munthu mmodzi. Zida za gulu zilembedwe m'buku, ndipo wotenga asaine. Pa bolodi pajambulidwe cithunzi ca cida ciri conse kuseri kwa msomali wace, kotero kuti madzulo diso limodzi liona cimene casowa. Pa citseko pakhale maloko awiri, makiyi ace kwa anthu awiri osakhala a banja limodzi. Lisiti la kasitomala linene masiku amene katundu adzasungidwa ndi cimene cidzacitike masikuwo akapyola. Vanishi ndi thina zigone m'bokosi lacitsulo kutali ndi moto, ndowa ya mcenga iime pakhomo, ndipo utuci usesedwe asanatseke. Faindi iwerengedwe pamaso pa onse ndi kugula mayunitsi kapena lata lotseka podontha. Wapampando akalakwa ayambe ndiye kulipira. Zambiri mwa izi zinacokera ku mgodi ndi ku njanji komwe. Cosiyana ndi cakuti tsopano opanga lamulo ndi omwewo amene alimvera.

CIMENE CINATENGEDWA NDI CIMENE CINASIYIDWA

Mlendo akacoka mumsasa angakapume pansi pa mkuyu waukulu wa pakati pa tauni, umene usungidwa monga cikumbutso ca dziko cifukwa unali pokumanira anthu m'masiku oyamba a Broken Hill. Pamenepo angamve kuti tauni yeniyeniyo iri ndi milandu iwiri ya mtundu womwewo, yaikulu kuposa ya nyundo ndi matabwa.

Woyamba ndi wa cinthu cimene cinatengedwa. Pa 17 Juni 1921 anchito a mgodi anafukula cibade ca munthu wamakedzana, cimene akatswiri mu 2020 anaciyesa kukhala ca zaka ngati 300,000. Cibadeco cinatumizidwa ku London, kumene cinakhala m'manja mwa nyumba yosungiramo zakale yodziwika lero ndi dzina la Natural History Museum, ndipo Boma la Zambia linayamba kupempha kuti cibwerere kwao m'zaka za m'ma 1970.

Waciwiri ndi wa cinthu cimene cinasiyidwa. Pafupi ndi mgodi wakale pali phiri lakuda la zotsalira, matani mamiliyoni angapo a nthaka ndi miyala yosungunulidwa yokhala ndi mtovu, zimene zinaunjikidwa pamtetete osaphimbidwa. Mphepo ya m'cilimwe inyamula fumbi la mtovu kupita ku Kasanda, ku Makululu, ku Chowa ndi ku Mutwe wa Nsofu, kumene ana asewera pansi ndi kuika zala m'kamwa. Mtovu ukalowa m'magazi a mwana uononga ubongo ndi kucedwetsa kukula, ndipo cimene caonongeka sicibwerera. Kafukufuku wotsogoleredwa ndi akatswiri a University of Zambia, wofalitsidwa mu 2015, anapeza kuti ana onse amene anapimidwa ku Chowa, ku Kasanda ndi ku Makululu anali ndi mtovu wopyola muyeso umene madokotala ada nao nkhawa.

Mu 2016 World Bank inabvomereza ngongole ya madola 65.6 miliyoni yothandiza kuyeretsa malo oonongedwa ndi migodi ku Kabwe ndi ku Copperbelt. Mu Okutobala 2020 mlandu unasumidwa ku khoti la ku Johannesburg m'malo mwa ana ndi amai a ku Kabwe motsutsana ndi kampani ya Anglo American South Africa, imene inali ndi gawo mu mgodiwu kuyambira 1925 kufikira 1974. Kampaniyo inakana mlandu, ndi kunena kuti siinali mwini wa mgodi. Mu Disembala 2023 khoti linakana kuti mlanduwo uyende monga wa gulu, ndipo odandaula anacita apilo.

Akale anati nkhuyu zodya mwana zipota wamkulu. Ku Kabwe mwambiwu watembenuka, pakuti zodya akulu zipota ana. Funso limene maloya alimbana nalo ndi lomwe lija la mumsasa: ndani anaika ici pano, ndipo ndani adzacicotsa? Mgodi umene unali kuwerenga masipanala ace madzulo ali onse unatsekedwa pabwalo pace pasanasesedwe. Motero mmisiri amene aunjika mabatire akale a galimoto pa ngodya ya msasa, pafupi ndi pamene amai ogulitsa zakudya akhazika ana ao, asadabwe anzace akamuitanira ku komiti. M'mabatire amenewo muli mtovu womwewo, ndipo m'tauni imeneyi palibe angati sanamve za iwo.

NTHAWI YOTSEKA

Dzuwa likamalowa ca ku madambo a Lukanga, phokoso la m'misasa licepa pang'onopang'ono. Wowocherera azima makina ace napinda waya. Wophunzira asesa utuci nauthira m'thumba, pakuti oweta nkhuku adzaugula. Wosula mbaula asanjika zimene sanagulitse, zazikulu pansi zazing'ono pamwamba, mkati mwa mzere wa penti umene uli malire ace. Mkulu wina, amene manja ace anaphunzira nchito m'masiku a belu, aima patsogolo pa bolodi nawerenga misomali. Pa msomali umodzi pali cithunzi cokha, nyundo palibe.

Palibe atuluka kufikira itapezeka. Afunafuna pansi pa mabenchi, kuseri kwa matabwa ndi m'mabokosi, ena akung'ung'udza cifukwa ca njala ndi mtunda wa ku Makululu. Nyundo ituluka pansi pa felemu ya citseko, pamene wobwereka anaisiya masana. Iye apepesa, mlembi alemba dzina lace m'buku, ndipo nyundo ikolekedwa pa msomali wace. Ndipo pamenepo maloko awiri atsekedwa, makiyi napita njira ziwiri, ena ku Bwacha ena ku Katondo, kufikira m'mawa.